Lipoti: maluwa a gladiolus amene ankapsa asanamasule m'munda wina ku Zomba

Lipotili likukhudza munda umodzi wa m'tsinde mwa phiri la Zomba, umene ndinayamba kuuyendera mu Novembala 2023 ndi kuutsatira mpaka kumapeto kwa 2024. Mwini wake ndi mayi amene amakongoletsa malo a maukwati ndi zinkhoswe. Anafuna kumadula maluwa akeake m'malo modalira apulasitiki kapena kuitanitsa ku Blantyre. Ndalemba zonse mwatsatanetsatane chifukwa mavuto amene ndinawapeza kumeneko ndi omwewo amene amagwetsa ulesi anthu ambiri oyesa gladiolus kuno, mpaka kufika ponena kuti duwali silikondana ndi dothi lathu. Dothi lilibe mlandu waukulu. Nkhani yagona pa mwezi wobzalira ndi pa kasungidwe ka anyezi wake (mbewu yake ya pansi pa nthaka yooneka ngati anyezi wa ndiwo) akafukulidwa.

Mbiri ya mundawo

Ploti yake ndi yotsetsereka, dothi lake ndi katondo wolemera. Bedi la maluwa analiika kumunsi, kumene kumathera madzi ochoka padenga la nyumba ndi a mumsewu. Silinali lokwezedwa. Kumpoto kwake kunali mitengo iwiri ikuluikulu, wa mango ndi wa mapeyala, ndipo pambali pomwepo panali mizere ya nyemba.

Mayiwa anagula anyezi wa gladiolus pafupifupi 300 kwa wogulitsa wina, a mitundu yosakanikirana: oyera, ofiira, a pinki ndi achikasu. Anabzala onse tsiku limodzi mu Januwale 2023, poti kwathu kuno mbewu timabzala ndi mvula. M'mapando anathira manyowa a nkhuku osawolerana, ndipo mbewu zitamera anathira yureya kawiri. Mu Malichi kunabwera namondwe wa Freddy, madzi n'kudikha pabedipo. Mbewu zambiri zinachita chikasu ndi kugwa. Zimene zinapulumuka zinatulutsa maluwa ochepa mu Epulo.

Mu Juni anafukula anyezi otsala, kuwatsuka ndi madzi, n'kuwatsekera m'chidebe cha pulasitiki chavundikiro. Mu Ogasiti anawabwezera pabedi lomwe lija. Anamera mosiyanasiyana, ena patapita mwezi wathunthu. Mapesi a maluwa anatuluka mu Novembala, kutentha kuli pachimake, koma timaluwa tinkauma tisanamasule, ndipo tina tinkamasula topindika, tamizeremizere yoyera. Kusitolo ina ya zipangizo zaulimi anawauza kuti ndi chiwawu, nawagulitsa Dithane. Anapopera mlungu ndi mlungu osaona kusintha.

Zimene ndinapeza

Mayiwa anandilandira ndi mawu akuti, "Alangizi, ndathira feteleza, ndapopera, koma maluwa angopsa. Kapena ndiwonjezere feteleza?" Iwo ankaona matenda amodzi. M'bedimo munali mavuto anayi osiyana, ndipo mankhwala amene ankapopera ankakhudza limodzi lokha, lomwe silinali lalikulu.

Choyamba ndinagwedeza phesi la maluwa pamwamba pa pepala loyera. Panagwa tizilombo tating'onoting'ono takuda, totalika pafupifupi mamilimita 1.5, tokhala ndi kamzere kotuwa m'mapiko, pamodzi ndi ana ake achikasu opanda mapiko. Timeneti ndi thrips wa gladiolus, amene akatswiri amamutcha Thrips simplex. Amakanda khungu la tsamba ndi la duwa n'kumayamwa madzi ake, n'chifukwa chake masamba amaoneka otuwa monyezimira kenako n'kuchita bulawuni. Masana sumuona pamtunda. Amabisala m'munsi mwa masamba pamene tsamba lakumbatira linzake, ndi mkati mwa timaluwa tosamasula. Nyengo yotentha ndi youma ndiyo yake: kuchokera pa dzira kufika pa wamkulu amatenga milungu iwiri yokha, pamene kukazizira amatenga pafupifupi mwezi. Okutobala ndi Novembala wa ku Zomba amamupatsa zonse zimene amafuna. Chinanso, mbewu ikafukulidwa iye amatsikira pa anyezi n'kumadya pansi pa makoko nthawi yonse yosunga. Anyezi wodyedwa amakhala ndi zigamba zokhakhala zabulawuni. Chidebe chotseka chija, chofunda ndi chonyowa, chinasunga tizilomboti bwinobwino kuyambira Juni mpaka Ogasiti, ndipo tinabwerera m'munda pamodzi ndi mbewu. Dithane ndi mankhwala a matenda a fangasi, sapha kachilombo ngakhale kamodzi.

Chachiwiri chinali pansi. Ndinazula mbewu zingapo zimene masamba ake akunja anachita chikasu kuyambira kunsonga, zina zitamera mokhota. Mizu inali yochepa ndi yabulawuni. Nditadula anyezi pakati ndi mpeni, mkati mwake munali mwakuda kuyambira kutsinde kukwera m'mwamba, pamene anyezi wabwino amakhala woyera kapena wachikasu mofanana paliponse. Kumeneku ndi kuwola kobwera ndi fangasi wotchedwa Fusarium oxysporum, wa mtundu umene umagwira gladiolus. Amakonda dothi lofunda ndi lonyowa, amalowera m'mabala, ndipo amakula msanga pamene pali nayitirojeni wochuluka. Manyowa a nkhuku osawolerana, yureya kawiri ndi madzi odikha zinamukonzera malo. Kuwawa kwake n'kwakuti mbewu yogwidwa siichira, ndipo fangasiyo amakhala m'dothi zaka zingapo ngakhale mbewu itachotsedwa. Kubwezera anyezi pabedi lomwelo mu Ogasiti kunapha ena amene anapulumuka namondwe uja.

Chachitatu chinali dzimbiri la masamba, timatuza tofiirira tokhala mopingasa tsamba osati motsata mitsempha yake. Ameneyo ndi Uromyces transversalis, matenda a kuno ku Africa komwe, amene amafala ndi mphepo ndipo amakonda masamba onyowa. Sanali ochuluka, ndipo apa pokha Dithane anathandiza. Chachinayi, mbewu zowerengeka za pafupi ndi nyemba zinali ndi masamba amawangamawanga. Nsabwe za m'masamba zimanyamula vairasi ya nyemba yotchedwa bean yellow mosaic kupita nayo pa gladiolus, ndipo ikalowa imakhala mu anyezi mpaka kalekale. Zimenezo tinazula tsiku lomwelo ndi kuzitentha.

Funso la maluwa a m'phiri

Nditanena kuti asadzabzalenso mu Januwale, mayiwa sanavomere msanga. Anati, "Koma alangizi, kuphiri kuja maluwa omwewa amamera okha m'dzinja, popanda wowathirira kapena wowapopera. Nanga anga alakwa chiyani?" Funsoli ndi lanzeru, ndipo anaona zoona. M'maudzu a paphiri la Zomba mumamera gladiolus wakutchire, Gladiolus dalenii, wa maluwa ofiirira osakanikirana ndi chikasu, amene amamera ndi mvula n'kugona m'nthaka chilimwe chonse. Mtundu umenewu ndi mmodzi mwa makolo a gladiolus wogula m'sitolo. Mwa mitundu pafupifupi 300 yodziwika padziko lapansi, yambiri kwawo ndi ku Africa kuno, makamaka ku South Africa. Azungu anatenga ina mwa iyo n'kukaikwatitsa kwawo, ndipo mu 1841 mlimi wa maluwa Louis van Houtte wa ku Ghent m'dziko la Belgium anayamba kugulitsa mtundu wosakanizidwa umene unatsegula njira ya maluwa akuluakulu a masiku ano.

Kusiyana kuli apa. Wa m'phiri amamera pamalo otsetsereka pamene madzi saima, pamtunda wopitirira mamita 1,500, pamene kumazizira kuposa m'tauni yomwe ili pa mamita osafika 1,000. Amamera motalikirana pakati pa udzu, kotero matenda akagwira mmodzi safika msanga kwa mnzake. Wogula uja anasankhidwa kwa zaka zoposa 150 chifukwa cha kukula kwa duwa ndi kutalika kwa phesi, ndipo timamuthithika pabedi limodzi mwa mazanamazana. Ndinawachenjezanso kuti asatume anyamata kukakumba a m'phiri. Kumeneko ndi nkhalango yotetezedwa ndi boma, komanso mbewu zakutchire zikhoza kubweretsa dzimbiri m'munda. Wofuna kudziwa mitundu ya m'phirimo apite ku National Herbarium and Botanic Gardens m'tauni momwemo, kumene amasunga zitsanzo za zomera za m'dziko muno.

Zimene tinachita

Maluwa a Novembala aja tinawataya mtima. Tinadula mapesi onse ndi kuwatentha, masamba n'kuwasiya kuti adyetse anyezi. Tinapopera mankhwala ophera tizilombo madzulo, kulunjika m'makwinya a masamba, mosinthanitsa cypermethrin ndi dimethoate potsata mlingo wolembedwa pabotolo. Bambo amene amagwira ntchito m'mundamo ankapopera atavala kabudula ndi patapata. Ndinawauza kuti, "Achimwene, opanda magolovesi, jombo ndi chotchinga kukamwa musagwire pampu," ndipo mayi anagula zonsezo.

Kumapeto kwa Disembala, tsiku lopanda mvula, tinafukula. Sitinatsuke. Tinadula masamba kusiya kachitsa kakang'ono, n'kuyanika anyezi pa thandala la nsungwi pakhonde, pamthunzi podutsa mphepo, kwa milungu itatu. Atauma, anyezi wakale wofota wa pansi amachoka yekha ukamukankha ndi chala, n'kusiya chipsera choyera. Amene chipsera chake chinali chakuda, wofewa, wopepuka kapena wa zigamba tinamutentha. Apa mpamene panavuta, chifukwa mayi ankaona ndalama zawo zikupita pamoto, ndipo ena mwa anyeziwo ankaoneka abwino kunja. Ndinawadulira angapo kuti adzionere okha. Anatsala osafika 100.

Otsalawo tinawaika m'mapepala a khaki obowola, mtundu uliwonse paokha, n'kuwasunga m'kabati ya pansi ya firiji. Kuzizira kwa madigiri 2 mpaka 5 kumathandiza kawiri: kumapha thrips wotsalira pakatha milungu ingapo, komanso kumathetsa tulo ta anyezi kuti akabzalidwa amere pamodzi. Anyezi wongofukulidwa kumene amagona miyezi iwiri kapena itatu, n'chifukwa chake a mu Ogasiti aja anamera mosiyana. M'firijimo musakhale maapozi kapena nthochi zakupsa, chifukwa mpweya umene zipatsozi zimatulutsa umawononga mbewu. Mapepalawo tinawalemba ndi zilembo zazikulu kuti si ndiwo. Anyezi wa gladiolus ndi wapoizoni kwa agalu ndi amphaka, ndipo mwana wotumidwa kukatenga anyezi wophikira akhoza kusokoneza.

Bedi latsopano tinalikonza kumtunda kwa ploti. Posankha malo, mfundo imene anthu amaiwala ndi ya dzuwa. Mu Juni ndi Julayi dzuwa limadutsira kumpoto, ndipo tauni ya Zomba ili ndi phiri kumbali yomweyo. Malo amene pa Khirisimasi pamawomba dzuwa tsiku lonse, mu Juni pakhoza kukhala pamthunzi wa mtengo kapena wa nyumba. Gladiolus akasowa kuwala pamene duwa likupangika mkati amangotulutsa masamba, phesi osaoneka. Tinasankha pamene kumpoto kuli poyera, ngakhale ngodya imodzi inkafikidwabe ndi mthunzi wa mapeyala madzulo.

Mabedi anali a mita imodzi m'lifupi, okwezedwa masentimita 25, osakaniza ndi mchenga wa kumtsinje ndi kompositi wowolerana mpaka kuda. Kumtunda kwake tinakumba ngalande yopatutsa madzi. Pansi tinayala waya wa khola la nkhuku chifukwa cha mfuko, amene milu yake inali mbwee m'mphepete mwa mpanda ndipo amakonda anyezi wotere. Feteleza wokulitsa tinatenga D Compound chifukwa muli potaziyamu wolimbitsa phesi ndi anyezi, tinathira pang'ono pansi pa mzere ndi kukwirira ndi dothi kuti asakhudzane ndi mbewu. Yureya tinamusiyiratu. Anyezi tinabzala mozama masentimita 12, nsonga m'mwamba, motalikirana masentimita 15, mizere masentimita 30. Kubzala mosazama kumameretsa msanga, koma mbewu imagwa mphepo ya mwera ikawomba, ndipo phesi likagwa usiku umodzi wokha limadzuka lokhota, losagulitsika.

Tinayamba kubzala pakati pa Epulo 2024, mvula itatha, gulu laling'ono milungu iwiri iliyonse mpaka Julayi. Anyezi aliyense akabzalidwa amatulutsa maluwa kamodzi kokha, kotero wobzala onse tsiku limodzi amakhala ndi maluwa ochuluka kwa milungu iwiri kenako n'kukhala chimanjamanja ukwati ukapezeka. Magulu omaliza tinawonjezera ndi anyezi atsopano ogula. Pogula ndinawauza asathamangire otambalala ophwatalala, amenewo ndi okalamba. Asankhe olimba, olemera, otukuka pakati, oti ukawazunguliza chingwe chikwane masentimita 10 mpaka 14.

Kuthirira kunali kwa m'mawa, kawiri pa mlungu, kothira pansi mpaka madzi alowe, osati kowaza masamba ndi kheni. Nthawi yosayenera kuphonya ndi kuyambira tsamba lachitatu mpaka phesi litatuluka, chifukwa duwa limapangika mkati nthawi imeneyo. Ludzu la masiku amenewa limafupikitsa phesi ndi kuchepetsa timaluwa, ndipo madzi a pambuyo pake sabweza chimene chatayika. Pa tsamba lachitatu lomwelo tinathira CAN pang'ono, kubandira, ndi kuphimbira ndi udzu wouma. Tinakhoma nsungwi m'mbali ndi kumanga zingwe mizere iwiri. Za thrips, lamulo linali loyesa ndi pepala loyera mlungu uliwonse kuyambira mbewu ikafika masentimita 15, ndi kupopera pokhapo tizilombo taoneka, chifukwa tikalowa m'timaluwa mankhwala safikamo.

Zotsatira

Magulu a Epulo ndi Meyi anamasula mu Julayi ndi Ogasiti. Anachedwa, anapitirira masiku 100 chifukwa cha kuzizira, pamene nyengo yofunda masiku 70 mpaka 90 amakwana. Koma mapesi anali aatali, owongoka, timaluwa tikumasula motsatana kuyambira pansi mpaka kunsonga, ndipo gulu loyamba silinapoperedwe mankhwala a tizilombo ngakhale kamodzi. Masiku a chiperoni anabweretsa timadontho tabulawuni pa maluwa oyera, zimene ndi zizindikiro za Botrytis, fangasi wokonda chinyezi ndi kuzizira. Tinachotsa ogwidwawo ndi kupopera Dithane pamasamba, ndipo kutawala dzuwa zinaleka. Pangodya ya mthunzi ija mbewu zingapo sizinatulutse phesi. Fusarium anaonekanso pa mbewu zochepa, zonse zochokera ku anyezi akale aja, ndipo tinkazizula pamodzi ndi dothi lake zikangoyamba chikasu.

Kadulidwe kanafuna kuphunzitsa. Mayi ankadikira kuti phesi lonse limasule kuti lioneke bwino, koma lotero limafika kuholo litanyenyeka. Phesi limadulidwa m'mamawa, kaduwa kamodzi kapena tiwiri tam'munsi titangoonetsa mtundu, ndipo ena onse amamasulira m'madzi. Mpeni ulowe pakati pa masamba kuti pa mbewuyo patsale masamba anayi, chifukwa ndiwo amene adzakulitse anyezi wa chaka chamawa. Mapesi aime chilili m'ndowa yakuya kuyambira m'munda mpaka kofika. Akagonekedwa pampando wa galimoto nsonga zimapindikira m'mwamba pakangopita maola ochepa, ndipo siziwongokanso.

Phindu lina la kalendala imeneyi linaoneka pofukula. Milungu isanu ndi umodzi maluwa atadulidwa inkathera mu Seputembala ndi Okutobala, nthaka ili youma, mphepo ili yotentha, ndipo anyezi ankauma mosavuta popanda nkhungu. Ambiri anatuluka aakulu kuposa amene tinabzala, ena awiriawiri, atazunguliridwa ndi tiana tambirimbiri tonga nandolo. Tianati tinatisunga patokha. Timaviikidwa m'madzi usiku umodzi kuti khoko lifewe, n'kufesedwa m'mizere mozama masentimita 5, ndipo timayamba kupereka maluwa m'chaka chachiwiri kapena chachitatu. Kwa mlimi wa kuno, amene anyezi wogula amamudyera ndalama zambiri, njira yokulitsira munda ndi imeneyi, bola tianato tichoke pa mbewu zathanzi zokha.

Pamene sitinagwirizane

Gulu la Julayi linabzalidwa ndi cholinga cha Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, komanso maukwati a mwezi umenewo. Linamasula pa nthawi yake, koma thrips anabwerera kumapeto kwa Seputembala ngakhale anyezi anali oyera, kuchokera m'minda ndi m'maudzu oyandikana nawo. Tinapopera motsatizana, komabe mapesi anali aafupi, ofiira akuda anapsa m'mphepete ndi dzuwa, ndipo gawo lina silinagulitsike. Mayi akuti ngakhale zili choncho ndalama ya Okutobala ndi yabwino kuposa ya Julayi, pakuti ofuna maluwa amachuluka. Pa za msika akudziwa ndi iwo. Ine nkhawa yanga ili pa mankhwala ochuluka amene achimwene aja amapuma, pa njuchi, ndi pa anyezi a gulu limeneli amene amafika pofukulidwa mvula yoyamba itayandikira, ali ndi thrips m'makoko.

Tinapangana kuti gulu lomasula mu Okutobala lizikhala laling'ono, la mitundu yowala yokha, pabedi lakelake lotalikirana ndi ena, ndipo anyezi ake azisungidwa padera ndi kulowa m'firiji asanabzalidwenso. Tiana ta gulu limeneli sitisunga. Nyemba zinasamutsidwira kuseri kwa nyumba. Bedi lakale la kumunsi lija tinabzalapo chimanga, ndipo gladiolus sabwererapo zisanathe zaka zinayi, kutanthauza kuti 2028 isanafike.